Nsapato za m'Bwato ndi m'Matope ku Chigwa cha Phalombe

Nkhaniyi ikuchokera ku chigwa cha Phalombe, ndipo ikukhudza chinthu chimene ambiri amachikumbukira pomalizira akamakonzekera ntchito ya m'madzi. Msodzi amayamba waona ukonde, nkhafi ndi ufa wa kamba wa paulendo. Mlimi wa mpunga amayamba waona mbewu ndi khasu. Zovala kuphazi zimabwera m'maganizo mochedwa, kawirikawiri phazilo litalasidwa kale.

Chigwa chimenechi chayala kuchokera m'tsinde mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi mpaka ku nyanja ya Chilwa. Mitsinje monga Phalombe ndi Sombani imatsika ndi madzi a m'mapiri kukathira m'nyanjayi, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umawatulutsa. Amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake madzi a Chilwa ali ndi kamchere. Nyanjayi, yomwe ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno, ndi yosaya, moti malo ambiri bwato amachita kulikankha ndi nsungwi yaitali yofika pansi. Imasefukira, imabwerera, ndipo nthawi zina imaphweratu. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka dothi long'ambikang'ambika. Mu 1996 inalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, chifukwa cha mbalame ndi zamoyo zina zimene zimadalira bango ndi njedza zake.

Nyanja yotere ilibe gombe lokhazikika. Pamene bwato linakocheza chaka chatha, chaka chino pangakhale pouma gwa, kapena pali madzi ofika m'chiuno. Choncho wopita ku bwato amayamba wadutsa makande, dothi lakuda lonyata lija, kenako thope lotitimira, kenako madzi a m'dambo obisa zitsa za bango, ndipo pomaliza amaponda thabwa lonyowa. Malo anayiwa amafuna zosiyana kuphazi, ndipo nsapato yochita bwino pa amodzi imatha kugwetsa munthu pa ena.

Aliyense amene anafikako ku doko monga la Swang'oma m'mamawa mabwato akubwera akudziwa mmene zimakhalira. Amayi ogula matemba sadikira kumtunda. Amakwinya chitenje, beseni m'manja, n'kulowa m'madzi kuchingamira bwato, chifukwa wofika mochedwa amapeza nsomba zabwino zitatha. Wina patapata yake yatsalira m'thope, ndipo akuifufuza ndi chala cha kuphazi uku maso ali pa nsomba. Wina wavula zake n'kuziika m'beseni, akuyenda wosavala. M'bwatomo mnyamata akukapa madzi ndi chigubu chodula, ndipo pansi pa mapazi ake pali mamba a makumba, ndere, chingwe cha ukonde ndi milamba ikuphiriphitha. Mlamba uli ndi minga yolimba m'zipsepse za m'mbali. Woponda pamenepo ndi phazi losavala amadziwa ululu wake, ndipo bala lake lozama silichedwa kutukusira.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo anthu a ku Phalombe matopewo anawavomera kalekale. Koma mabala ambiri a kuphazi amene amagoneka msodzi kapena mlimi pa mphasa masabata angapo ndi opeweka.

Choyamba kuona pa nsapato ya m'madzi ndi kunsi kwake. Munthu amaterereka pa thabwa lonyowa chifukwa pakati pa soli ndi thabwalo pamatsala madzi ochepa amene alibe kothawira. Mu 1935 munthu wina wa ku America wokonda kuyenda panyanja, Paul Sperry, amene anali ataterereka n'kugwera m'madzi kuchoka pa boti lake, anaona kuti galu wake akuthamanga pa madzi oundana osagwa. Atayang'ana mapazi a galuyo anapeza timing'alu tambirimbiri. Anatenga mpeni n'kulemba timizere totere pa mphira, ndipo nsapato zake, zotchedwa Sperry Top-Sider, zinatchuka mpaka asilikali a pamadzi a dzikolo anayamba kuzigula. Nzeru yake ndi yapafupi. Munthu akaponda, timizereto timatseguka, madzi amalowa mmenemo, ndipo mphira umagwira thabwa lenilenilo.

M'thope nkhani yake ndi ina. Timizere ting'onoting'ono timadzaza makande pa phazi loyamba lomwe, nsapato n'kukhala yosalala ndiponso yolemera. Thope limafuna soli ya mano akuluakulu otalikirana, kuti dothi lizidzigwera lokha munthu akamayenda. Wogula nsapato ayambe wadzifunsa kumene amathera maola ambiri: pa thabwa la bwato kodi, kapena m'munda wa m'dambo?

Chachiwiri ndi mmene nsapato imagwirira phazi. Patapata ndiye nsapato yofala kwambiri m'chigwa chonsechi, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Ndi yotsika mtengo, imauma msanga, imayandama ikagwera m'madzi, ndipo ikaduka mwana aliyense amatha kuilumikiza ndi kawaya. Vuto lake ndi loti imangogwira pakati pa zala ziwiri. Chidendene chili pamtunda, zala zili poyera. M'thope imakanirira pansi phazi n'kutuluka lokha. Pokankha bwato, phazi limatsetsereka m'mbali mwake, ndipo ambiri abinya akakolo motero. Ikatha kunsi n'kukhala yosalala, pa thabwa lonyowa imaterera ngati therere. Patapata ndi yabwino kubafa, pa mjigo ndi pabwalo. Pa ntchito ya m'bwato imafunika ina yokhala ndi lamba wa kuchidendene.

Apa mpamene nsapato zopepuka zoboolaboola pamwamba zija, zimene zadzaza m'misika ya Migowi, Chiringa ndi ku Phalombe boma, zimapambanira. Zoyambirira zake, za kampani ya Crocs, anazigulitsa koyamba mu 2002 pa chionetsero cha maboti ku Fort Lauderdale m'dziko la America, ndipo anazipangira anthu a m'maboti. Zambiri zopezeka kuno ndi zongofanizira, komabe maonekedwe ake ndi omwewo. Zimaphimba zala, mabowo ake amatulutsa madzi, sizimwa madzi, zimayandama, ndipo zili ndi kalamba kotembenuzira kumbuyo. Kalambako ndiko kofunika. Ambiri amakasiya kutsogolo n'kumavala nsapatoyo ngati patapata, motero amataya ubwino wake waukulu.

Nazo zili ndi pofookera. Kunsi kwake n'kofewa, moti chitsa chakuthwa cha bango, mbedza kapena msomali zimatha kuboola. Zimatha msanga pa msewu wa miyala, ndipo zikasiyidwa pa dzuwa loswa mtengo la mwezi wa Okutobala zimakhwinyata n'kuchepa. Mano ake akangotha, zisalowenso m'bwato.

Pali nsapato ina imene achinyamata amaiseka koma akuluakulu amaidziwa mtengo wake: nkhwayira, yodulidwa ku tayala lakutha la galimoto. Kunsi kwake minga siiboola, chitsa cha bango chimagonja, madzi a mchere saiwononga, ndipo imatha zaka. Mmisiri waluso amayeza phazi la mwini wake pa tayalalo, n'kuika malamba opingasa pamwamba ndi wina wa kuchidendene. Kwa munthu wodula bango ndi njedza, kapena woyenda mtunda wautali pa nyanja youma kulondola kumene madzi athawira, nkhwayira ndi yodalirika. Koma ndi yolemera, ndipo ikavuka m'madzi akuya imamira. Wogula ayendetse chala m'mbali mwake, chifukwa matayala ambiri a masiku ano ali ndi timawaya mkati timene timatuluka n'kumalasa. Aonenso pomangira malamba. Yosokedwa ndi ulusi wolimba imaposa yokhomedwa ndi timisomali, poti timisomalito timachita dzimbiri n'kutulukira kuphazi.

Nanga magambutsi? Awa ali ndi mbiri yaitali m'midzi ya kuno. Amuna amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela anawapeza m'migodi ya golide, kumene antchito ankaima m'madzi oipa tsiku lonse mpaka mapazi kuchita zilonda. Mbiri imati eni migodi anaona kuti kugula jombo za mphira n'kotchipa kusiyana ndi kupopa madziwo, ndipo mmenemo ndi mmene munabadwira gule womenya jombo ndi manja amene South Africa imatchuka naye lero. Pa ntchito yake yeniyeni, jombo za mphira zilibe mnzake. M'dimba, m'khola, pa malo otsukira ndi kuwamba nsomba, m'njira za udzu wautali mmene mumabisala njoka, ndiponso m'madzi osafika pakamwa pa jomboyo, phazi limakhala louma ndi lotetezeka.

M'bwato pa madzi akuya, magambutsi amasanduka chiopsezo. Mphepo ikauka pa Chilwa, mafunde amakula msanga poti nyanja ndi yosaya, ndipo bwato lodzaza nsomba kapena anthu silichedwa kugudubuzika. Munthu akagwera m'madzi, jombo zimadzaza nthawi yomweyo. Miyendo imalephera kupalasa bwino, ndipo pofuna kukweranso m'bwato amanyamula madzi onse ali m'jombomo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Jombo iliyonse ikamwa malita 2, munthu wotopa kale akukweza makilogalamu 4 owonjezera ku miyendo. Akaponda pansi, thope la Chilwa limagwira jombo n'kukana kuibweza. Choncho wokwera bwato atavala magambutsi awavule akangokhala pansi, awaike pambali, adzawavalenso pokocheza. Ndipo nsapato iliyonse, ngakhale yabwino chotani, siilowa m'malo mwa jekete yoyandamitsa munthu.

Asodzi amene amakhala masabata m'zimbowera, tinyumba tomangidwa pa njedza pakati pa nyanja, ali ndi vuto lina. Mapazi awo sauma. Khungu lokhalitsa m'madzi limayera, limafewa, limang'ambika, ndipo pakati pa zala pamabuka zilonda zoyabwa zonunkha. Nsapato ya nsalu kapena ya masewera, yomwe imamwa madzi n'kukhala yonyowa mpaka mawa, imangowonjezera vutoli. Ya chikopa ndiye siyenera n'komwe kufika kunyanja. Imalemera ikanyowa, imauma gwa ikaona dzuwa, mchere umaing'amba, ndipo guluu wa kunsi amamatuka. Kwa anthu otere nsapato yabwino ndi imene madzi amalowa n'kutuluka, yoti munthu angaivule madzulo, kutsuka mapazi, kupukuta bwino pakati pa zala, n'kugona mapazi ali ouma.

Pa nkhani ya matenda pafunika kunena zoona zokhazokha, chifukwa ena amayembekeza zambiri kwa nsapato. Likodzo ndi lofala m'madera ozungulira Chilwa. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi odekha, timatuluka n'kumasambira, ndipo timaboola khungu paliponse pamene madziwo akhudza. Patapata, nkhwayira ndi nsapato zoboola zija siziteteza ku likodzo ngakhale pang'ono. Jombo za mphira zimathandiza pokhapokha madzi asanalowe mkati, ndiponso manja akapanda kuviikidwa. Woona magazi m'mikodzo apite ku chipatala. Mankhwala ake, praziquantel, alipo, ndipo ndi omwe a zaumoyo amagawa m'masukulu ndi m'midzi. Nkhono zimatenga tizilomboti kuchokera ku mikodzo ndi chimbudzi cha anthu odwala, n'chifukwa chake chimbudzi pa doko n'chofunika mofanana ndi jombo.

Koma pali matenda amene nsapato wamba imawatsekeradi njira. Njoka zina za m'mimba zimaswera m'dothi lonyowa loipitsidwa ndi chimbudzi, n'kulowa m'thupi poboola khungu la kuphazi. Zikakhazikika m'matumbo zimayamwa magazi, mwana n'kumaoneka wotuwa ndi wofooka m'kalasi, mayi woyembekezera n'kumachepa magazi. Matekenya amadikira m'fumbi ndi mumchenga wouma. Kafumbata amalowera pa bala lozama la msomali, chitsa kapena munga, poti tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe. Kwa odwala matenda a shuga, amene mapazi awo nthawi zina samva kuwawa, kabala kakang'ono kosaoneka kangathe kufikitsa munthu podulidwa mwendo. Iwowa asayende osavala ngakhale pakhomo, ndipo aziyang'ana kunsi kwa mapazi awo tsiku lililonse.

Anthu a ku Phalombe akudziwanso madzi amene amabwera osaitanidwa. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala, mitengo ndi matope, n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera, ndipo dera la Nkhulambe linali limodzi mwa madera okhudzidwa koopsa. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa theka la miliyoni anasiya nyumba zawo. Othawa usiku sasankha nsapato. Ambiri anafika m'misasa opanda kanthu kuphazi, ndipo pobwerera kukafukula katundu anaponda malata, misomali ya denga, magalasi ndi matope osakanikirana ndi za m'zimbudzi zogumuka. Banja lokhala m'malo osefukira lingachite bwino kusunga nsapato zolimba pafupi ndi khomo nyengo ya dzinja, pamodzi ndi tochi ndi mabuku a kuchipatala. Pofukula mabwinja madzi ataphwa, jombo zokhuthala kunsi ndizo zoyenera. Pa madzi othamanga, nsapato iliyonse ilibe mphamvu, ndipo chanzeru n'kusawoloka.

Alimi a mpunga ali ndi dandaulo lomveka. Powokera mbande m'thope lofika m'mawondo, magambutsi wamba amavuka pa phazi lililonse, ndipo ntchito siyenda. N'chifukwa chake ambiri, makamaka amayi, amangolowa osavala, misundu n'kumawayamwa. M'maiko olima mpunga kwambiri monga Japan muli jombo zofewa zopyapyala, zogwira mwendo thinathina mpaka m'bondo, zopangidwira ntchito imeneyi. Amalonda obweretsa katundu kuchokera ku Limbe ndi ku Blantyre atazifufuza, ogula sangasowe m'madambo a Chilwa. Magulu a alimi nawo akhoza kuitanitsa pamodzi kuti mtengo utsike.

Pa kaunjika napo pamapezeka mwayi. Nthawi zina m'mulu wa nsapato mumatuluka zopepuka za nsalu ya maukonde ndi mphira wopyapyala kunsi, zimene kunja anazipangira oyenda m'magombe. Ambiri amazidutsa poti sizioneka zotchenera. Kwa msodzi kapena wogula nsomba pa doko, zimenezo n'zoyenera kuziyesa.

Pamsika pali njira zingapo zoyesera nsapato ndalama isanatuluke m'thumba. Wogula aipinde ndi manja. Yabwino imapindika pamene zala zimapindikira, ndipo ikasonyeza ming'alu yoyera ndiye kuti mphira wake wafa kale. Akande kunsi ndi chikhadabo. Mphira wogwira umamveka wofewa pang'ono, pamene pulasitiki yolimba yonyezimira imaterera pa thabwa. Akoke lamba mwamphamvu pamene walumikizidwa, poti mpamene nsapato zambiri zimayambira kuduka. Ayese madzulo, chifukwa phazi limatupa pang'ono munthu akayenda tsiku lonse, ndipo avale zonse ziwiri n'kuyenda nazo. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala cha kumanja, koma chidendene chisamatuluke. Nsapato yothina pa phazi lonyowa imatulutsa matuza, ndipo yaikulu kwambiri imatsalira m'thope. Jombo za mphira aziyeze atavala masokosi, ndipo akafika kunyumba aziviike m'ndowa kuti aone ngati zikulowa madzi.

Kusamala kumatalikitsa moyo wa nsapato. Ikachokera kunyanja itsukidwe ndi madzi a pa mjigo kuti mchere ndi thope zichoke, kenako iume pamthunzi. Moto ndi dzuwa lamphamvu zimaumitsa mphira mpaka kusweka. Jombo azizondotse pa timitengo tiwiri tozikidwa pansi kuti madzi atsike ndi mphepo ilowe, ndipo m'mawa azikutumule asanavale, poti zinkhanira ndi tinjoka timakonda malo amdima otere. Pobowoka pang'ono, wokonza njinga amamata ndi chigamba cha chubu monga amachitira ndi tayala, ndipo ku Phalombe, kumene njinga ili pafupifupi khomo lililonse, amisiri otere sasowa.

Ana asaiwalike. Dzinja likafika, si zachilendo kuona mwana wa sukulu akuwoloka khwawa nsapato zili m'manja, poopa kuti zikawonongeka kunyumba kukavuta. Nsapato yatetezedwa, phazi lili pangozi. Kholo limene lingakwanitse limugulire mwana nsapato ya pulasitiki yotseka zala, ya lamba kumbuyo, yoti ayende nayo m'madzi osaopa, ya chikopayo akavalire pa khomo la kalasi.

Udindo wina uli ndi eni makoka ndi eni maboti. Anyamata okoka khoka ndiwo amaima m'madzi nthawi yaitali kuposa wina aliyense, ndipo ndiwo amapeza zochepa. Mwini zida amene amagula ulusi wosokera ukonde angathenso kugula nsapato za antchito ake, chifukwa mnyamata wolasidwa phazi sakoka khoka. Makomiti a m'magombe, amene amayang'anira malamulo a usodzi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nsomba, angaike nkhaniyi pa misonkhano yawo, n'kuonetsetsanso kuti mabotolo osweka, zitini ndi mbedza zakutha sizitayidwa pamene anthu amatsikira. Mabungwe opereka thandizo pa nthawi ya ngozi aziika nsapato pa mndandanda umodzi ndi mabulangete, ndowa ndi ufa.

Kwa anthu a ku Nambazo, Swang'oma, Mpoto ndi midzi yonse ya m'mphepete mwa Chilwa, pempho ndi ili. M'bwato valani nsapato yopepuka, yotseka zala, yogwira chidendene, ya mano amoyo kunsi. M'dimba ndi m'thope losaya valani jombo, koma muzizivula mukakwera bwato. Mukalasidwa ndi munga wa mlamba, msomali kapena chitsa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi aukhondo nthawi yomweyo, musalimate ndi dothi kapena phulusa, ndipo pitani ku chipatala tsiku lomwelo mukafunse za katemera wa kafumbata.